Mbewu ya udzu wa Rhodes ya sitolo ina ku Salima ndi ulangizi wake wokhudza dambo

Mlimi aliyense wa ng'ombe kapena mbuzi m'chigwa cha Salima amaidziwa bwino miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, pamene mapesi atha m'minda, moto wa osaka mbewa wadutsa m'tchire, ndipo ziweto zimayenda mtunda wautali padzuwa zikufuna chobudula mpaka nthiti kuwerengeka. N'chifukwa chake masitolo ogulitsa zipangizo za ulimi ayamba kuika mbewu ya udzu pambali pa mbewu ya chimanga ndi mankhwala a nkhupakupa. Imodzi mwa masitolo oterewa ili ku Kamuzu Road, ndipo kumeneko ndi kumene ndinagula mbewu ya udzu wa Rhodes imene ndikufuna kufotokoza pano. Eni sitoloyi sagulitsa mbewu yokha, pakuti amatumizanso mnyamata wawo pa njinga yamoto kuti akaone malo a wogula ndi kumulangiza pobzala, wogulayo n'kungolipira mafuta. Mbewuyo ndinakhutira nayo ndipo ndingailimbikitse kwa mlimi amene ali ndi munda wa kumtunda wosadikha madzi. Ulangizi wawo ndiwo uli ndi mbali ziwiri: pa kabzalidwe ndi wolondola, koma pa nkhani ya dambo ndi woopsa, ndipo mbali imeneyi ndi imene ndikhalepo nthawi yaitali chifukwa kuwonongeka kwake sikubwezeka ndi nyengo imodzi ya mvula.

Udzu wa Rhodes, umene akatswiri a zomera amautcha Chloris gayana, si wachilendo ku Africa kuno, pakuti kwawo ndi kuno komwe, ngakhale unatenga dzina la Cecil Rhodes ndipo masiku ano umalimidwa kwambiri ku Australia ndi m'maiko ena otentha. Uli ndi mitundu ingapo yodziwika, monga Katambora, Boma, Callide ndi Giant, ndipo mitundu imeneyi simafanana. Katambora ali ndi masamba opyapyala, amapirira chilala, ndipo alimi a fodya akhala akumubzala posinthanitsa mbewu pofuna kuchepetsa tinyongolotsi totupitsa mizu. Mitundu ya masamba aakulu imapereka chakudya chambiri koma imafuna nthaka ya chonde ndi mvula yokwanira. Apa ndi pamene pali cholakwika choyamba cha sitoloyi, chifukwa pa thumba la pulasitiki limene ndinapatsidwa panalembedwa dzina loti Rhodes lokha, popanda mtundu wake, kumene inakololedwa, kapena chaka chimene inakololedwa. Nditafunsa, mayi wogulitsayo anayankha mwaulemu kuti katunduyo amabwera m'matumba aakulu kuchokera ku Lilongwe ndipo iwo amangogawa m'timatumba. Mlimi amene akugula mbewu ya chimanga sangavomere thumba lopanda dzina la mtundu, ndipo sindikuona chifukwa choti mlimi wa ziweto avomere zimenezi pa mbewu ya udzu.

Komabe mayiwa ndiyenera kuwayamika pa chinthu chimodzi. Asanalandire ndalama anandiuza kuti mbewu ya udzuwu simera yonse, chifukwa gawo lalikulu la zimene zili m'thumba ndi mankhusu opanda njere, ndipo anandilangiza kuti ndiyambe ndaiyesa pa nsalu yonyowa ndisanalime munda wonse. Ndinatero, ndipo zimene zinamera sizinafike theka, zomwe pa mbewu ya mtundu umenewu si zachilendo. Wogulitsa amene amakuchenjeza za kufooka kwa katundu wake asanakulipiritse ndi wosowa, ndipo chimenechi chokha chingandibwezere m'sitoloyo. Mbewuyo inali youma bwino, yopanda fungo la nkhungu, ngakhale munali timbewu ta chisoso apo ndi apo. Sikelo yawo ndi ya magetsi ndipo amayeza wogula akuona.

Malangizo a kabzalidwe amene mnyamata wawo anandipatsa anali olondola ndithu. Mbewuyi ndi yaing'ono komanso yopepuka kotero kuti mphepo ya mwera ingathe kuiulutsa m'manja, choncho imafunika kuisakaniza ndi mchenga wouma kapena manyowa osefa kuti igwe mofanana. Nthaka iyenera kusalazidwa bwino, yopanda zibuma, ndipo mbewu isakwiriridwe kupitirira sentimita imodzi, chifukwa ikalowa pansi kwambiri kamphukira kake kamatha mphamvu kasanatuluke. Anandiuza kuti ndibzale m'mizere kuti kupalira kusavute, ndipondereze nthaka ndi mapazi kapena kukokapo nthambi, ndiponso kuti ndidikire mvula ikhazikike kumapeto kwa Disembala m'malo mothamangira mvula yoyamba, imene kuno kunyanja kawirikawiri imatsatidwa ndi masabata a dzuwa loswa mtengo. Anatchulanso za nyerere, zimene zimatuta mbewu yosakwiririka usiku umodzi wokha, ndipo anatsindika kuti ziweto zisalowemo mpaka udzu utagwira mizu. Zonsezi zinachitika monga momwe ananenera.

M'munda wanga wa kumtunda, umene nthaka yake ndi ya mchenga wosakanikirana ndi dothi ndipo muli mitengo ya misangu ingapo, udzuwu unamera mwa apo ndi apo poyamba, koma utayamba kutambalala ndi nthambi zake zoyanga pansi, zimene zimamera mizu pa mfundo iliyonse, mipata yonse inatsekeka mvula isanathe. Ukamwetedwa pamene wangoyamba kutulutsa ngayaye, n'kuumitsidwa masiku owerengeka ndi kusungidwa pa thandala pansi pa denga, umakhala wobiriwirabe ndipo ng'ombe zimaudya osasiyako. Ubwino wake umaonekera pa nkhani ya zomanga thupi. Kuti ng'ombe igaye bwino chakudya m'mimba mwake, pamafunika kuti zomanga thupi zisatsike pansi pa magawo 7 pa 100 alionse, pamene udzu wa m'tchire umene waumira chiimirire mpaka Okutobala umakhala utatsika pansi pa mlingo umenewu, n'chifukwa chake ng'ombe imatha kukhala yodzaza mimba koma ikuondabe. Udzu wofutsa wa Rhodes womwetedwa pa nthawi yake, mukauphatikiza ndi madeya pang'ono ndi zotsalira za mtedza, umasunga thupi la ng'ombe yoyamwitsa mpaka mvula itabwera. Unapiriranso ng'amba ya m'nyengo ya 2023 mpaka 2024, imene El Niño inaononga chimanga m'maboma ambiri a dziko lino: unafota, koma mvula itabwerera unaphukiranso. Chofooka chake n'chakuti ndi udzu wadyera pa chonde. Mukamangomweta osabwezera kanthu, pofika chaka chachitatu umayamba kuchita chikasu ndi kufupika, kupatula pansi pa misangu pamene masamba ogwa m'dzinja amadyetsa nthaka. Pamafunika manyowa a m'khola chaka chilichonse kapena feteleza wa Urea, ndipo a kusitolo anandiuziratu zimenezi.

Vuto linayamba pamene mnyamatayo anamaliza kuona munda wa kumtunda n'kuponya maso kumunsi, kumene kuli dambo limene mudzi wathu umadyetsako ziweto. Iye anati, "Bambo, malo onsewa akungogona ndi tchire. Mukanathira mankhwala opha udzu, n'kulimitsa ndi thalakitala, n'kubzala Rhodes yekhayekha, bwenzi mukudyetsa ng'ombe zochuluka kuposa pano." Ananena izi ndi mtima wabwino, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi mmene anaphunzitsidwira, pakuti nditabwerera kusitolo mwini wake anabwereza mawu omwewo. Koma uphungu umenewu ukuchokera pa kusaona chimene dambo lili. Munthu woima pamsewu amaona udzu basi, pamene munthu woyenda kuchokera m'mphepete mwa nkhalango kutsikira ku mfuleni amadutsa magawo angapo a zomera, lililonse lili ndi mitundu yake, ndipo chimene chimaika malire pakati pa magawowo ndi kutalika kwa nthawi imene madzi amakhala m'nthaka.

Kumtunda kwenikweni, kumene madzi sadikha, kumamera udzu wautali wa tsekera ndi kamphe, umene akatswiri amauika m'gulu la Hyparrhenia. Umenewu ndi umene timafolera nyumba ndi kumangira mipanda, ndipo ukadali waung'ono mu Disembala ndi Januwale ng'ombe zimaukonda, koma ukakhwima umasanduka mapesi olimba. Pansi pa udzu wautaliwu pamabisala zomera za mtundu wa nyemba zam'tchire, zina zoyanga, zina zoimirira, zimene mizu yake ili ndi timatuza tokoka chonde kuchokera mu mpweya, ndipo ndi zimene mbuzi zimasankha zikalowa m'menemo. Mukatsika pang'ono mumafika pa mchenga woyera umene madzi amatulukira pansi okha kumapeto kwa dzinja. Pamenepa udzu ndi waufupi ndi wolimba, wosakanikirana ndi zomera za mtundu wa mlulu ndi timaluwa tambirimbiri timene timaoneka kwa masabata ochepa okha, ndipo ngakhale sipaoneka pa chakudya chambiri, ndi pamene pamakhala mitundu yochuluka kuposa pena paliponse. Kutsikanso pansi ndi pa makande, dothi lakuda limene limamata m'dzinja ndi kung'ambika ming'alu yolowa phazi m'chilimwe. Apa pamamera udzu wokonda madzi, wa mapesi ofewa amene ena amayandama, pamodzi ndi mpunga wam'tchire, ndipo udzu umenewu ndi umene umakhala wobiriwira pamene kumtunda konse kwapsa. M'mbali mwa mfuleni muli bango ndi nsenjere, ndipo m'madambo oyandikira nyanja, cha kumene mtsinje wa Linthipe umathira, mumapezekanso gumbwa.

Pakati pa zonsezi pali zulu, zimene zimaima ngati zilumba zosafikidwa ndi madzi. Pa chulu pamamera kapinga, tizitsamba, ndipo nthawi zina mgwalangwa kapena mthethe, zomera zimene sizingakhale ndi moyo mamita ochepa chabe kuchokera pamenepo. Chiswe chimakweza dothi la pansi lokhala ndi mchere, ndipo aliyense amene anawetapo ng'ombe anazionapo zikunyambita chulu. Dambo lili ngati mudzi wakale umene banja lililonse lili ndi malo ake odziwika ndi ntchito yake, ndipo mukasamutsa onse n'kuikapo mlendo mmodzi, ntchito zambiri zimangoima. Kwa mlimi wa ziweto, phindu la dongosolo limeneli lili pa nthawi. M'dzinja ng'ombe zimadya kumtunda, chifukwa kumunsi n'kosalowereka. Mvula ikatha zimatsikira pa mchenga, kenaka m'minda mukakololedwa zimadya mapesi, ndipo m'miyezi itatu yovuta ija zimadalira udzu wa pa makande ndi mphukira za bango. Palibe mtundu umodzi wa udzu umene ungagwire ntchito zinayi zimenezi, ngakhale utakhala wabwino chotani.

Chinanso chimene mnyamata uja sanachione chili pansi pa nthaka. Udzu wa m'dambo wambiri ndi wa zaka zambiri, ndipo gawo lalikulu la thupi lake lili m'mizu, m'zitsinde ndi m'timbatata timene timasunga chakudya. Ndi chifukwa chake moto ukadutsa mu Ogasiti, msipu umaphuka patapita masabata awiri kapena atatu popanda dontho la mvula. Mizu ya mitundu yosiyanasiyana imafika pa kuya kosiyanasiyana, ina kumwa madzi a pamwamba, ina a pansi, ndipo yonse pamodzi imaluka nthaka kuti madzi osefukira adutse pamwamba osakumba. Amene akufuna kuona yekha kusiyana kumeneku angathe kuchita zimene ofufuza amachita, zomwe sizifuna ndalama: kumanga timitengo tinayi totalika mita imodzi kalikonse kukhala bwalo la ngodya zinayi, kuliponya pansi, ndi kuwerenga mitundu ya zomera imene ili mkati mwake. M'munda wanga wa Rhodes ndimapezamo udzuwo ndi zitsamba ziwiri kapena zitatu zolowerera. Pa mchenga wonyowa wa m'dambo mu Malichi, zala za manja onse zimatha ndisanamalize kuwerenga.

Ine uphunguwo sindinautsatire, koma mlimi wina wa m'mudzi woyandikana nafe, amene ali ndi gawo la dambo limene makolo ake ankalimapo mpunga, anautsatira atalangizidwa ndi sitolo yomweyi, ndipo zotsatira zake aliyense wodutsa angazione. Chaka choyamba udzu unamera bwino m'mphepete, koma chapakati unangokhala masabata ochepa m'madzi n'kuchita chikasu, kenaka n'kuola. Udzu wa Rhodes umapirira chilala ndiponso nthaka ya mchere, ndipo ungapirire madzi odutsa a masiku owerengeka, koma sungakhale m'madzi odikha kwa mwezi wathunthu kapena iwiri, pamene pa makande a kuno zimenezi zimachitika chaka chilichonse. M'chaka cha 2024, pamene madzi a nyanja ya Malawi anakwera kwambiri n'kumiza nyumba ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, madambo a kumunsi anachedwa kuphwa kuposa masiku onse. Pamene Rhodes anafera sipanabwerere udzu wakale uja. Panabwera dawe, amene timbatata take pulawo imadula ndi kumwaza paliponse, ndipo cha kumtunda panalowa nansongole, amene ng'ombe zimadya akadali mphukira zokha ndipo kumuchotsa ndi ntchito ya zaka. M'njira imene thalakitala inatembenukira mwayamba kangalande, ndipo mvula iliyonse kakukula. Mwini malowo anataya ndalama ya mbewu, ya mankhwala ndi ya thalakitala, koma chachikulu anataya msipu wa mu Okutobala, umene poyamba ankaupeza mwaulere.

Zimenezi si zachilendo kwa ofufuza za msipu. Ku Rothamsted, m'dziko la England, kuli kafukufuku wotchedwa Park Grass amene anayamba m'chaka cha 1856 ndipo akupitirirabe mpaka lero. Kumeneko anagawa msipu m'timinda, tina n'kumathira feteleza wosiyanasiyana, tina osathira kanthu. Timinda tosathiridwa feteleza tili ndi mitundu ya zomera pafupifupi 40, pamene timene tathiridwa feteleza wowonjezera asidi m'nthaka kwa zaka zambiri tatsala ndi mitundu iwiri kapena itatu yokha. Kunena mwachilungamo, timinda tothiridwa feteleza timapereka udzu wochuluka, choncho a kusitolo sakunama akamanena kuti udzu umodzi wodyetsedwa bwino umadzaza ngolo zambiri. Koma kafukufuku wa ku Cedar Creek, m'chigawo cha Minnesota ku America, amene David Tilman ndi mnzake anafalitsa m'chaka cha 1994, anaonetsa mbali inayo. Chilala chachikulu cha 1988 chitagwa, timinda tokhala ndi mitundu yambiri ya zomera tinatsika pang'ono pa zokolola ndipo tinachira msanga poyerekeza ndi timinda ta mitundu yochepa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: pa mitundu yambiri sipalephera kukhala ina yopirira vuto limene lafika chaka chimenecho. Maiko amenewo ndi ozizira ndipo zomera zake ndi zina, koma kwa ife amene chaka china timalira ng'amba, chaka chotsatira n'kulira madzi osefukira, mfundoyi ndi yolemera kwambiri kuposa kwa iwo.

Sindikunena kuti dambo lisiyidwe momwe lilili ngati kuti zonse zili bwino. Madambo ambiri a m'boma lino atopa. Ng'ombe zachuluka pa malo ochepa chifukwa minda ya mpunga ndi madimba zakula, ndipo udzu wokoma ukamadyedwa mobwerezabwereza usanabereke mbewu, umatha, n'kutsala wolimba umene ziweto zimaukana. Moto wa mu Okutobala, umene umayaka pamene zonse zauma, umapsereza ngakhale zitsinde. M'madzi odikha mumakhala nkhono zimene zimafalitsa nyongolotsi za m'chiwindi, ndipo wopha ng'ombe aliyense pa msika angakuuzeni za ziwindi zimene amataya. Mlangizi wodziwa ntchito yake akanayambira pamenepa. Akanalangiza kuti mudzi ugwirizane zopumitsa gawo limodzi la dambo chaka chilichonse kuti udzu ubereke, kuti tsekera wina amwetedwe akadali wanthete n'kufutsidwa, kuti ngati kutentha kuli kofunika kuchitike mochedwa masana kumayambiriro kwa chilimwe ndipo osati malo omwewo chaka ndi chaka, kuti nsenjere ibzalidwe m'mbali mwa ngalande kumene nthaka ikugumuka, ndiponso kuti ziweto zizimwetsedwa mankhwala a nyongolotsi pa nthawi yake. Mankhwala amenewo ali pa shelefu m'sitolo yomweyo, ndipo ndinadabwa kuti mnyamatayo sanawatchule n'komwe.

Chimene chinandikhumudwitsa kwambiri pa katundu wa m'sitoloyi n'chakuti mulibe mbewu ya zomera za mtundu wa nyemba zodyetsa ziweto. Ndinafunsa za stylo, siratro ndi desmodium, zimene alangizi a ziweto akhala akuzitchula kwa zaka zambiri, ndipo ndinayankhidwa kuti anthu sazifunsa. Ndinafunsa za nkhungudzu ndi kalongonda, n'kuuzidwa kuti ndikayang'ane pa msika. Komatu vuto la Rhodes lofuna chonde lija yankho lake lotsika mtengo ndi limeneli, chifukwa udzu ukasakanizidwa ndi chomera cha mtundu wa nyemba, nthaka imalandira chonde popanda thumba la feteleza ndipo chakudya cha ziweto chimakwera pa zomanga thupi. Ngakhale mizere ya lukina kapena nandolo m'malire a munda imathandiza, bola lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha ng'ombe, pakuti akachuluka amathothola ubweya ndi kudwalitsa. Sitolo imene imagulitsa udzu umodzi wokha ndi feteleza woudyetsa, koma osagulitsa chomera chimene chingachepetse kufunika kwa fetelezayo, imasiya wogula akudzifunsa ngati ulangizi wake ukutumikira mlimi kapena kauntala. Ine ndikuganiza kuti ndi kusadziwa chabe, osati chinyengo, koma kwa mlimi zotsatira zake n'zimodzi. Malo ofufuzira za ulimi a Chitala ali m'boma lomwe lino, ndipo eni sitoloyi sangavutike kupitako kapena kwa alangizi a boma kuti mnyamata wawo akaphunzire kusiyanitsa nthaka yoyenera Rhodes ndi yosayenera.

Palinso nkhani ya umwini imene mlangiziyo sanafunse. Madambo ambiri kuno ndi malo a mudzi wonse, oyang'aniridwa ndi mfumu, ndipo amene amapindula nawo si a ng'ombe okha. Amayi amamweta udzu wofolera mu Juni ndi Julaye, wina n'kugulitsa m'mbali mwa msewu wa M5 kwa omanga malo ogona alendo ku Senga Bay ndi kwina. Oluka mphasa amadalira bango, oluka mikeka amadalira mlaza wa mgwalangwa, ndipo m'mphepete mwa dambo ndi mmene mumathyoledwa denje ndi ndiwo zina za masamba pamene m'dimba mulibe kanthu. Zitsime zosaya za m'mudzi zimakumbidwanso pa mchenga wonyowa uja. Munthu mmodzi akathira mankhwala opha udzu pa malo otere, amakhala watenga chakudya m'manja mwa mabanja amene alibe ngakhale mbuzi imodzi, ndipo mlandu wake ukafika pa bwalo la mfumu, sitolo imene inapereka uphunguwo sidzakhalapo. Funso loyamba la mlangizi aliyense wofika pa dambo liyenera kukhala lakuti malowo ndi a yani ndipo amagwiritsidwa ntchito ndi yani.

Pa mtengo sinditchula chiwerengero, chifukwa chichokereni pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'masitolo a zaulimi imasintha mwezi usanathe, ndipo chimene ndingalembe lero chingasokeretse wowerenga mawa. Ndinganene kuti mtengo wawo sunasiyane kwambiri ndi wa ku Lilongwe mukaphatikiza ndalama yoyendera pa msewu wa M14, ndiponso kuti amalola kugula pang'ono, ngakhale theka la kilo, zimene zimathandiza mlimi wofuna kuyesa kaye pa kamunda kakang'ono. Amalandira ndalama kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, amapereka lisiti popanda kuumirizidwa, ndipo mnyamata wawo anafika pa tsiku limene tinapangana, ngakhale anachedwa ndi maola angapo chifukwa cha matope. Mbewuyi imapezeka kwambiri mu Novembala ndi Disembala. Yotsala ya chaka chatha amaigulitsabe osanena, ndipo poti pa thumba palibe tsiku, kuyesa pa nsalu yonyowa kuja n'kofunika nthawi zonse.

Chomaliza chimene a kusitolo sanandiuze, ndipo mwina sizinali zowakomera kundiuza, n'chakuti mbewu imeneyi munthu safunika kuigula kawiri. Mukasiya kachigawo ka munda osamweta, ngayaye zimakhwima kumapeto kwa dzinja, ndipo zikasintha mtundu kukhala zofiirira n'kuyamba kuyoyoka mukazigwira, mumazidula ndi chikwakwa, n'kuziunjika pa mthunzi masiku angapo, kenaka n'kuzipuntha pa mkeka. Pa mitundu ina ya udzuwu, mbewu yongokololedwa kumene simera bwino mpaka itagona miyezi ingapo, choncho yokololedwa mu Epulo kapena Meyi imakhala yokonzeka bwino pofika Disembala, ikasungidwa m'thumba la chiguduli pa malo ouma kumene mbewa sizifika. Udzuwu umathekanso kuchulukitsa pozula nthambi zake zoyanga zimene zili ndi mizu n'kuziwokera m'munda wina pa tsiku la mvula, ndipo njira imeneyi imagwira msanga kuposa mbewu pa minda ing'onoing'ono ya pafupi ndi khola.